Cifukwa Cace Nyumba ya Mkamwini Inautsa Mlandu ku Thyolo

Munthu woyenda pa mseu wocokera ku Limbe kunka ku Thyolo amaona tiyi mbali zonse, ndi midzi yopanikizana m'mphepete mwace. Ambiri sadziwa kuti mlandu waukulu wa malo amenewa unali wa nyumba: ndani angamange, ndipo angamange pati?

Kuyambira m'caka ca 1892 Bwana Harry Johnston anapatsa Azungu makalata a malo. M'makalata ambiri munalembedwa kuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasunthidwe popanda cilolezo ca Boma. Mau abwino ndithu, koma mudzi sukhala pamodzi ngati mwala. Nthaka ikaguga anthu amasendera pena, ndipo akatero eni esiteti ankati mudziwo ndi watsopano, ulipire lendi kapena ugwire thangata. Alomwe amene anafika pambuyo pace kucokera ku dziko la Apwitikizi, mau aja sanawakhudze konse.

Lamulo la 1928 ndilo linalowa m'kati mwa mabanja. Mwini malo anapatsidwa mphamvu yocotsa mnyamata akakwanitsa zaka 16, ndiponso yokaniza mwamuna wocokera kwina kukhala pa mudzi wa mkazi wace. Tsono taganizani. Kwa Amang'anja ndi Alomwe mwamuna ndiye amatsata mkazi, namanga nyumba kucikamwini. Mtsikana wobadwira pa esiteti wapeza banja, mitengo yadulidwa, udzu wamwetedwa, koma nyumba singaimikidwe kufikira Mzungu atalola. Kwa mwini esiteti nyumba iri yonse yatsopano inali munda winanso, ndi nkhwangwa inanso m'nkhalango yace. Kwa eni mudzi mlendo sanali mkamwini ai, mlendo anali tiyi. Kuonjeza apo, pa zaka 5 ziri zonse mwini malo ankatha kucotsa banja limodzi mwa mabanja 10 osachula cifukwa.

Madandaulo atacuruka, Boma linaitana Sir Sidney Abrahams m'caka ca 1946, ndipo iye analangiza kuti Boma ligule malo osalimidwa ndi kukhazikapo anthu. Kugulako sikunafulumire monga anthu anafunira. M'mwezi wa August 1953 ku Thyolo kunabuka cipolowe cimene cinafalikira m'maboma ena a kumwera, nafa anthu 11.

Thangata linatha ndi lamulo la 1962, koma minda ya tiyi inatsala pomwe inali, anthu nacurukabe. Pakati pa 2004 ndi 2011 nchito ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje kuti akamange ku Mangochi ndi ku Machinga.