Zidutswa za mlombwa zisanduka zolembera

Pamalo pamene anthu achekapo matabwa a mlombwa pamatsala zidutswa zambirimbiri. Zina ana amatola kukasonkhera moto, zina zimangopsa ndi moto wolusa wa m'chilimwe. Koma kwa mmisiri wodziwa kusema pa makina ozunguza mtengo, amene pa Chipwitikizi amati torno, kachidutswa kotalika masentimita 13 ndi kunenepa masentimita 2 nkokwanira kutulutsa cholembera chimodzi chogulitsa.

Ntchitoyi imayamba ndi kuumitsa mtengo pamthunzi, chifukwa wauwisi umang'aluka cholembera chitatha kale. Ukauma, mmisiri amaudula pakati ndi kuboola chigawo chilichonse bowo la mamilimita 7, m'mene amamatiramo kachubu kamkuwa ndi guluu. Pobowola ndi pamene ophunzira ambiri amalirira. Wopupuluma amatenthetsa mtengo ndipo umaphulika kumapeto, ntchito yonse nkupita pachabe.

Kenaka zigawo ziwirizo amazitunga pa kandodo kachitsulo ndi kuzimanga pa makina. Mtengo ukuzungulira, tchizulo chakuthwa chimaupala pang'onopang'ono kufikira utatsala wopyapyala, milimita imodzi kapena awiri pamwamba pa chubu. Apa dzanja likangonjenjemera, mkuwa umaonekera. Akatha kusalaza ndi sandipepala amapaka phula la njuchi, nkulumikiza nsonga, kopanira pathumba ndi kachubu ka inki.

Mtengo uliwonse uli ndi khalidwe lake. Mlombwa, umene m'mapepala a boma umalembedwa umbila, ndi wofatsa: sufota kwambiri pouma ndipo umasemeka bwino. Tsanya wa kumadera otentha monga Changara ndi Mágoè ndi wolemera ndi wouma gwa, kotero amabunthitsa tchizulo msanga. Mfumu ya yonse ndi phingo, pau-preto, wakuda bii ndi wolemera mwakuti amamira m'madzi. Ndi mtengo womwewu umene ku Ulaya amapangira zitoliro zoimbira, ndipo umatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti ukhwime. Fumbi lake limayabwa ndi kutsokomoletsa, choncho wosema ayenera kuphimba mphuno ndi pakamwa.

Anthu a m'chigawo cha Tete akhala akuona malole odzaza zipika akulowera ku doko la Beira, midzi nkutsala ndi zitsa. Mu 2017 boma linaletsa kutumiza kunja zipika zosacheka. Chaka chomwecho phingo analowa pa mndandanda wa pangano la maiko la CITES, la mitengo yosagulitsidwa kunja popanda chilolezo, ndipo mlombwa unatsatira mu 2023. Wosema zolembera alibe chifukwa chogwetsera mtengo ndi umodzi womwe. Nthambi zosiyidwa ndi ocheka, mwendo wa mpando wothyoka, ngakhale chitseko chakale, zonsezi nzokwanira ntchito ya miyezi.

Komabe pasakhale wonamiza mnzake kuti ndalama zake nzapafupi. Zitsulo za cholembera sizipezeka m'magolosale a ku Ulónguè kapena ku Furancungo. Zimachita kuitanitsidwa kunja, monga ku South Africa, ndipo ndizo zimadya ndalama zambiri kuposa mtengowo. Kumene kulibe magetsi, makina okoka ndi chingwe amagwira ntchito, koma amafuna anthu awiri, wina kukoka wina kusema, ndiponso ntchito yopyapyala chotere imavuta makina akamagwedera.

Msika nawo ngwosankha. Mwana wa sukulu sangasiye cholembera cha pulasitiki chotsika mtengo. Ogula ndi a m'maofesi a mumzinda wa Tete, ofuna mphatso ya mnzawo, ndi alendo odutsa pa chipata cha Zóbuè kapena Calómuè. Iwowa amayamba apotokola cholemberacho kuti aone ngati nsonga ikutuluka bwino, kenaka amayendetsa chala pamene mtengo wakumana ndi chitsulo. Pakapezeka kampata, amachibweza patebulo.