Pogula Ducati yakale, yambani mwafunsa za malamba

Amalonda opikula njinga zamoto zakale, mukapeza Ducati monga Monster ya 1993 kapena 916 ya 1994, musatengeke ndi kuwala kwa penti.

Njinga zimenezi, zopangidwa ku Bologna m'dziko la Italy, zili ndi malamba awiri a labala oyendetsa mavavu a injini. Malambawa amafunika kusintha pakatha zaka ziwiri kapena makilomita 20,000, chifukwa labala amauma ngakhale njinga itangokhala osayenda. Lamba akaduka injini ikulira, pisitoni imawomba mavavu, ndipo mpamba wanu umathera kwa makaniko.

Choncho pemphani lisiti losonyeza tsiku lomwe anasintha malambawo. Ngati palibe, nenererani kuti mwini wake achotsere ndalama ya malamba atsopano ndi ya makaniko. Mukagula, sinthani malambawo musanayende nayo.