Mpweya wobisala m'mabuleki a njinga yamoto

Msewu wa Khwekhwelere, wotsika kuchoka ku Dedza kulowera ku Golomoti, suchitira chifundo mabuleki. N'chimodzimodzinso mtsetse wa Chiweta ku Rumphi, kapena wochoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa. Njinga yamoto yosenza munthu ndi thumba la chimanga ikamatsika malo otere, liwiro lonse limene woyendetsa akulichepetsa limasanduka kutentha m'mabuleki, makamaka pa disiki yakutsogolo. Apa mpamene ena amadzidzimuka: akafinya liva ya buleki, imangobwera mpaka kugunda handulo, koma njinga n'kumapitabe. Mapadi ali bwinobwino, disiki ilibe vuto. Chavuta chili m'kapaipi kakuda kotsika ndi foloko, kamene ambiri sakaganizira n'komwe.

Si njinga iliyonse imene ili ndi kapaipi kameneka. Zambiri za kabaza zili ndi mabuleki a dilamu, okokedwa ndi waya kapena kandodo kachitsulo, ndipo amenewo akafooka kawirikawiri amangofuna kumangitsa. Zimene zikukambidwa pano ndi njinga za disiki, zokhala ndi kathanki kakang'ono ka buleki fuluwidi pahandulo yakumanja. Mabuleki amtunduwu anatchuka kuyambira mu 1969, pamene kampani ya Honda inatulutsa njinga ya CB750.

Nzeru yake ndi yakale kwambiri kuposa pamenepo. Blaise Pascal, katswiri wa masamu wa ku France, anafotokoza m'buku lomwe linasindikizidwa mu 1663, iye atamwalira kale, kuti chinthu chamadzimadzi chikatsekeredwa, mphamvu yokankha mbali imodzi imafika mbali zonse osachepa. Liva imakankha kapisitoni kakang'ono kapamwamba, fuluwidi n'kutengera mphamvuyo ku mapisitoni akuluakulu a m'kalipa, amene amapana disiki ndi mapadi. N'chifukwa chake zala ziwiri zokha zimatha kuimitsa njinga, woyendetsa ndi katundu wake.

Zonsezi zimatheka chifukwa fuluwidi safinyika. Mpweya umafinyika. Aliyense angadzionere yekha ndi sirinji yopanda singano: akaidzaza madzi n'kutseka kukamwa kwake ndi chala, chokankhira sichisuntha, akaidzaza mpweya, chimalowa mosavuta mpaka chapakati. Kathovu kampweya kakakhala m'paipi ya buleki, mphamvu ya dzanja imathera pokafinya kathovuko m'malo mopana disiki. Liva imamveka yofewa ngati nthochi yakupsa, ndipo woyendetsa amazolowera kupopa kawiri katatu kuti buleki igwire. Chizolowezi chimenechi n'choopsa. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndipo sekondi yopopera ija ndi imene mwana wodutsa msewu pamsika amaifuna.

Mpweya umalowa fuluwidi akatsika kwambiri m'kathanki, paipi ikasinthidwa, bawuti ikakhwefuka, ngakhalenso njinga ikagwa n'kukhala chogona. Koma mdani wamkulu amalowa popanda chilichonse kumasulidwa. Fuluwidi wa DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 amapangidwa ndi mankhwala a glycol, amene amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, kudzera pachivindikiro ndi m'labala la paipi. Malinga ndi muyezo wa boma la America, kumene kunachokera zilembo za DOT, fuluwidi watsopano wa DOT 4 sayenera kuwira asanafike madigiri 230. Yemweyo akayamwa madzi okwana 3.7 pa 100 alionse, muyezowo umatsika kufika pa madigiri 155. Wa DOT 3 amachoka pa 205 kufika pa 140. Pamtsetse wautali kalipa ikatentha, fuluwidi wakale amawira, nthunzi n'kudzaza paipi, buleki n'kusowa nthawi yomweyo. Chonyenga n'chakuti njinga ikapuma n'kuzizira, buleki imabwerera, mwini wake n'kumati zatha, chonsecho zidzachitikanso pamtsetse wotsatira. Opanga njinga ambiri amalangiza kusintha fuluwidi zaka ziwiri zilizonse. Watsopano amakhala woyera kapena wachikasu pang'ono. Akaderako, nthawi yake inapita kale.

Ntchito yochotsa mpweyawu, imene amakaniko amati kubulida, munthu wodekha angaigwirire pakhomo. Pamafunika sipanala yokwana bwino pa kabawuti kobowoka ka pakalipa kotchedwa nipo (pa njinga zambiri ndi ya 8), kapaipi koonekera mkati, botolo lopanda kanthu, sanza, ndi fuluwidi wa m'botolo losatsegulidwa. Mtundu wake unalembedwa pachivindikiro cha kathanki, ndipo apa palibe zongoyerekeza. DOT 5 ndi wa silicone, sasakanizidwa ndi enawo. Oyilo wa injini ndiye ayi ndithu: amatupitsa timalabala tam'kati, buleki yonse n'kuwonongeka.

Njinga iimikidwe chilili, handulo ikhotetsedwe mpaka kathanki kakhale mowongoka. Sanza iphimbe thanki ya petulo, chifukwa fuluwidi amadya penti. Chivindikiro chikachotsedwa, wakale amayamwidwa ndi sirinji, kusiya pang'ono pansi kuti kabowo kasaonekere, kenako n'kuthiramo watsopano. Kapaipi koonekera kaja kamavekedwa pa nipo, mbali inayo n'kumizidwa m'botolo mothiridwa kale fuluwidi pang'ono.

Tsopano pamene ambiri amalakwitsa ndi pa ndondomeko. Liva imapopedwa mofatsa katatu kapena kanayi, n'kugwiridwa chifinyire. Ili chigwirire, nipo imamasulidwa pang'ono chabe, ngati kota ya kuzungulira kumodzi. Fuluwidi wakuda ndi timathovu zimatuluka, liva n'kubwera chakuhandulo. Nipo imatsekedwa kaye, ndipo pokhapo mpamene dzanja limasiya liva. Wosiya liva nipo ili yotsegula amayamwira mpweya wina m'kalipa, n'kutha tsiku lonse akupopa popanda chosintha. Ngati ali awiri, wina paliva wina pasipanala, azilankhulana: wagwira, ndatsegula, ndatseka, siya. Akabwereza kanayi kapena kasanu azisuzumira m'kathanki n'kuwonjezera, chifukwa kakauma ntchito yonse imayambiranso pachiyambi. Amapitiriza mpaka wotuluka akhale woyera, wopanda thovu, ndipo liva ilimbe isanafike pakati. Pomanga nipo pomaliza, dzanja lisachite nkhanza: ndi kachitsulo kobowoka, kamathyoka msanga, ndipo kakathyokera mkati kalipa imafuna makaniko.

Nthawi zina liva imakanabe kulimba. Mpweya umakonda kukwera m'mwamba, choncho umakabisala pa bawuti yolumikiza paipi ndi kathanki. Kugogoda paipi ndi chigwiriro cha sipanala kumathandiza, ndipo ena amamanga liva ku handulo ndi mphira usiku wonse. Ena amakankha fuluwidi ndi sirinji kuchokera pa nipo kukwera m'mwamba, njira yotsatira kumene mpweyawo ukufuna kale kupita. Zonsezi zikalephera, kapena liva ikamalowa yokha pang'onopang'ono munthu ataigwira, ndiye kuti timalabala tatha kapena penapake pakudontha, ndipo kubulida sikungachize zimenezo. Njinga yokhala ndi makina a mabuleki otchedwa ABS nayo, mpweya ukalowa m'makinawo, ipite kwa odziwa. Mapadi onyowa ndi fuluwidi asinthidwe basi.

Mbali imene imanyalanyazidwa kwambiri ndi ya thupi la munthu. Buleki fuluwidi ndi poizoni. Mitundu yambiri imakhala ndi diethylene glycol, mankhwala owononga impso, ndipo amatsekemera pang'ono, choncho mwana samulavula msanga. Kusunga fuluwidi wakale m'botolo la zakumwa pakhonde n'kuitana maliro. Womumwa amayamba ndi kuoneka ngati waledzera kapena kusanza, mwina n'kuoneka ngati wapeza bwino, koma pakapita tsiku limodzi kapena atatu mkodzo umachepa impso zikamafooka. Asadikire zizindikiro ndiponso asakakamizidwe kusanza. Athamangitsidwe kuchipatala, botololo litengedwe kuti adokotala aone chimene wamwa. Fuluwidi akagwera m'maso, atsukidwe ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Ena amadzola fuluwidi pa zipere ndi pamabala, koma khungu limapsa pachabe, pamene mankhwala odzola a zipere monga clotrimazole amapezeka m'mafamase ndi m'zipatala. Fuluwidi wakale asatayidwe m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Atsekedwe bwino n'kukasiyidwa kugalaja kumene amasonkhanitsa zoterezi.

Chivindikiro chikabwerera, fuluwidi ali pakati pa mizere iwiri ya pakathanki, njinga isathamangire kusiteji. Mwini wake aikankhe ndi manja pabwalo n'kufinya buleki, aone ngati teyala laima. Agwire liva mwamphamvu kwa theka la mphindi, akuyang'ana pa nipo ndi pamabawuti ngati pakutuluka chinyontho. Kenako ayende yekha pang'onopang'ono pamalo opanda anthu, aime kangapo, ndipo m'mawa mwake afinyenso liva asanakweze pasenjala woyamba.