Nthaka imasungunuka bwanji?

Titaonera filimu ya Newtok, mwana wanga anandifunsa kuti, “Bambo, nthaka imasungunuka bwanji?” Ndinangokanda mutu. Ineyo ndinkaganiza kuti ndi mtsinje wa Ninglick wokha umene ukudya Newtok, mudzi wa anthu a mtundu wa Yup'ik ku Alaska.

Si choncho ayi. Nthaka ya pansi pa mudziwo inaundana kalekale, ndipo ayezi ndi amene amaigwira ngati simenti. Tsopano kukutentha. Taganizirani nyama youma gwa mufiriji, magetsi n'kuzima usiku wonse. Kukamacha yafewa, ikuchucha madzi. Nthakayo ikuteronso. Nyumba zimapendekeka, madzi akafika amangokokolola gombe ngati phala.

N'chifukwa chake mu 2019 mabanja anayamba kusamukira tsidya la mtsinje, ku Mertarvik, pamtunda wa miyala.