Akavalo Akuthamangabe, Koma Madoda Atopa

Nkhani yathu ya lero tiyambira ku Lungwena, m'boma la Mangochi, pa msewu uja wochokera pa boma kudzera ku Malindi kulowera kwa Makanjira. Kumeneko ndi kwa asodzi ndi alimi. Mukafikako mudzaona mabwato padoko, usipa uli pathandala, ndi njinga zonyamula nsomba, koma kavalo simudzamuona ndi mmodzi yemwe. Chodabwitsa nchakuti mukakhala pansi ndi madoda ena amene anathera zaka zawo ku Joni kapena ku Harare, mudzawamva akutchula maina a akavalo amene anafa kalekale, monga momwe ena amatchulira akatswiri a mpira. Amenewa ndi anthu amene ankabetcha pa mipikisano ya akavalo, imene iwo amangoti mahatchi. Mukawafunsa ngati akadali nacho chidwi, yankho limakhala lakuti mtima wa zimenezo unatha. Funso lathu lero ndi ili: chinawatopetsa nchiyani?

Tiyambe takumbutsana mmene anthu a kunyanja anakumanira ndi akavalo. Kwa zaka zambiri amuna a dziko lino ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Ulendowu unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi 74. Unayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, nkudzatheratu mu 1988. Ena ankapita paokha kukaphika, kukasoka zovala kapena kukasamala maluwa m'nyumba za Azungu ku Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg, ndipo mpaka lero anyamata a ku Mangochi sanaleke kukwera mabasi a ku Joni. Tinene poyera kuti ambiri mwa apaulendowa sanakhudzeko juga, pakuti Chisilamu, chimene anthu ambiri a ku Lungwena amatsata, chimaletsa juga, ndipo mipingo yambiri ya Chikhristu nayo imadana nayo. Koma ena analowamo, ndipo chifukwa chake nchomveka. Lamulo la ku South Africa la mu 1965 linaletsa juga ya mitundu yonse kupatula kubetcha pa akavalo. Choncho wantchito wofuna kuyesa mwayi wake popanda kuthamangitsana ndi apolisi anali ndi khomo limodzi lokha.

Tsiku lake lenileni linali Loweruka. Ku Johannesburg kunali bwalo la Turffontein, limene mbiri yake inayamba mu 1887, ndi mabwalo ena awiri pafupi, Gosforth Park ku Germiston ndi Newmarket ku Alberton. Ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, kunali Borrowdale Park, ndipo ku Bulawayo kunali Ascot. M'masiku a tsankho munthu wakuda ankalowera chipata chake ndi kuima mbali yake, komabe kumeneko ndi kumene ankakumana ndi anzake a kumudzi, kumva za maliro ndi maukwati, ndi kupatsirana makalata. Mpikisano waukulu koposa unali Durban July, umene unayamba mu 1897 ndipo umachitika pa bwalo la Greyville. Madoda akale amakumbukira kavalo wotchedwa Sea Cottage, amene munthu wina anamuwombera ndi mfuti mu 1966 kutatsala masabata atatu kuti mpikisanowo uchitike. Kavaloyo anathamangabe chipolopolo chili m'thupi nakhala wachinai, ndipo chaka chotsatira anafika pamzere nthawi imodzi ndi mnzake Jollify, onse awiri nkukhala opambana. A ku Harare amanyadira Ipi Tombe, kavalo wamkazi wobadwira ku Zimbabwe, amene anapambana Durban July mu 2002. Nkhani zotere ndizo zinkakoka mitima, ndipo munthu ankadziona kuti ali m'gulu la odziwa zinthu.

Tsono chifukwa choyamba cha kutopa chagona m'masamu a jugayo. Ambiri ankabetcha pa chimene chimatchedwa tote, njira imene inayambira ku France m'zaka za m'ma 1860 ndi munthu wina dzina lake Joseph Oller. Mayendedwe ake ndi otere: ndalama za onse obetcha zimaikidwa mu mphika umodzi, eni masewera amayamba atapapo gawo lawo la msonkho wa boma, mphotho za eni akavalo ndi zoyendetsera ntchito, zotsalazo ndizo amagawana amene alosera bwino. Tiyerekeze kuti pa R100 iliyonse amachotsapo R20. Ndiye kuti gulu lonse likaponya R100 limalandiranso R80. Likaponyanso R80 ija pa mpikisano wachiwiri limatsala ndi R64, pa wachitatu R51, pa wachinai R41, ndipo pofika pa wachisanu latsala ndi R33 yokha. Palibe amene waba, palibe amene wanama. Umo ndi mmene anaukonzera mphikawo. Mmodzi kapena awiri adzapita kwawo akuseka, koma gulu lonse pamodzi silingatuluke ndi ndalama zimene linalowa nazo.

Mnyamata wa zaka 25 masamu amenewa sawaona, chifukwa amakumbukira tsiku limodzi limene anapata, naiwala masiku makumi awiri amene anabwerera wapansi. Koma zaka zikachuluka, chiwerengero chimadzionetsa chokha. Munthu woponya R50 Loweruka lililonse amakhala ataponya R2,600 pa chaka, ndipo pa zaka 30 ndi R78,000. Ngati mwayi wake unali wofanana ndi wa anzake, gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiye kuti R15,600, linapita osabwerera. Izi zili choncho ngati sanabwezeremo zimene ankapata, chinthu chimene obetcha ochepa okha amachikwanitsa. Amene ankakonda Jackpot, pomwe umayenera kulosera opambana m'mipikisano inai yotsatizana, kapena Pick 6, pomwe mipikisano yake ndi isanu ndi umodzi, anali pa ntchito yovuta koposa. Ngati mpikisano uliwonse uli ndi akavalo khumi, Jackpot ikhoza kutha m'njira 10,000, ndipo Pick 6 m'njira 1,000,000. Nkhalamba ikakhala pakhonde kumudzi nkuyang'ana denga laudzu pamene mnzake amene ankatumiza ndalama mwezi ndi mwezi ali m'nyumba ya malata, safunanso mphunzitsi wa masamu.

Chifukwa chachiwiri chili m'thupi la munthu mwini. Akatswiri a za maganizo, kuyambira pa B. F. Skinner wa ku America amene ankayesa nkhunda ndi makoswe, anaonetsa kuti mphotho yobwera mosadziwika nthawi yake ndiyo imagwira cholengedwa mwamphamvu koposa. Msodzi aliyense akudziwa zimenezi, pakuti chimene chimamubwezera panyanja usiku wotsatira ndi khoka limodzi lija linadzaza mwezi watha. Pa juga palinso msampha wina: kavalo wako akakhala wachiwiri, wotsalira ndi mphuno yokha, mtima umagunda ngati wapambana, chonsecho ndalama yapita. Komatu thupi limazolowera. Chimene chinkautsa tsitsi pa zaka 30 sichiutsanso pa zaka 65. Apa njira zimagawikana pawiri. Ena amawonjezera ndalama kuti amvenso kukoma kwakale, ndipo amenewa ndi amene amagwa m'dzenje. Ena amangoona kuti akupita ku tote mwa chizolowezi chabe, ngati munthu wodya nsima yopanda ndiwo, ndipo tsiku lina amaleka osatsazika.

Onjezanipo kuti kubetcha pa akavalo ndi ntchito yolemetsa mutu. Wobetcha weniweni ankagula kabuku ka mipikisano, monga Computaform, nakhala usiku wa Lachisanu akuwerenga timalemba ting'onoting'ono: kavalo uyu anathamanga bwanji ulendo watha, wanyamula kulemera kotani, womukwera ndani, womuphunzitsa ndani, bwalo ndi louma kapena lonyowa. Kavalo wa mpikisano amayamba ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ambiri amapuma patangopita zaka zowerengeka. Motero nzeru za chaka chino zimakhala zitatha ntchito posakhalitsa, ndipo munthu amayenera kuphunziranso maina atsopano. Maso akayamba kuchita chidima, mawondo akayamba kukana kuima pamzere, ntchito yotere imasanduka goli.

Chifukwa chachitatu nchakuti masewerawo anasintha, nawasiya eni ake akale m'mbuyo. Lamulo latsopano la mu 1996 linatsegula makomo a juga ya mitundu ina ku South Africa, Lotto inayamba mu 2000, ndipo pambuyo pake kubetcha pa mpira kunafalikira paliponse. Ndalama zimene kale zinkathera pa akavalo zinagawikana. Mabwalo anayamba kutsekedwa: Gosforth Park ndi Newmarket anatsekedwa m'zaka za m'ma 2000, ndipo Clairwood ya ku Durban inatsatira mu 2014. Mu 2020, chaka cha mliri wa Covid-19, Durban July inachitika popanda oonerera, ndipo kampani ya Phumelela, imene inkayendetsa mipikisano ya ku Johannesburg, inagwa m'mavuto aakulu a zachuma, ntchito yake nkudzatengedwa ndi 4Racing mu 2021. Ku Zimbabwe bwalo la Ascot linatsekedwa, ndipo kugwa kwa ndalama ya dzikolo, kumene kunafika pachimake mu 2008, kunapha phindu la mphotho iliyonse. Lero munthu akhoza kubetcha pa foni ali pamphasa, pa akavalo a ku England kapena ku Australia amene sanawaonepo, mpikisano uku ukutha wina ukuyamba. Kwa wachinyamata kumeneko ndi kuphweka. Kwa doda amene ankatchena jekete Loweruka, kukwera sitima ndi anzake, ndi kukaona kavalo ndi maso asanaponye ndalama yake, chimene chatsala ndi kutaya ndalama kokha. Anzake aja ena anamwalira, ena anabwerera kumudzi. Pamenepo mpamene ambiri amazindikira kuti chimene ankatsata Loweruka lija chinali gulu la anzawo, ndipo akavalo anali pokumanira chabe.

Tsono omvera, kutopa kumeneku tikuone bwanji? Kwa ambiri ndi chinthu chabwino, ndipo banja liyenera kuchilandira ndi manja awiri. Bambo akanena kuti mahatchi anawakwana, si nthawi yowawerengera ndalama zimene anataya, pakuti madzi akatayika saoleka, ndipo iwo eni akuzidziwa kuposa wina aliyense. Koma tisaiwale kuti chizolowezi cha zaka 30 chikachoka chimasiya mpata. Munthu amene sabata yake yonse inkaloza ku Loweruka akhoza kupezeka alibe choyembekezera. Achibale ayang'anitsitse: ngati mkuluyo waleka juga koma akucheza, akupita ku mzikiti kapena ku tchalitchi, akusewera bawo pansi pa mtengo, akusoka makoka ndi adzukulu, ndiye kuti zinthu zili bwino. Koma ngati waleka zonse pamodzi, sakudya, sakugona, sakufuna kuona anthu kwa masabata angapo, kumeneko sikutopa ndi akavalo ai, akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo mpofunika kupita naye ku chipatala cha Lungwena, cha St Martin's ku Malindi, kapena chachikulu cha pa boma ku Mangochi. Chimodzimodzinso amene akulephera kuleka ngakhale akufuna, amene akukongola kapena kugulitsa katundu wa m'nyumba kuti abweze zimene anataya. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limawerengera vuto limeneli m'gulu la matenda, ndipo munthu wodwala timamuperekeza ku chithandizo, sitimuseka.

Mau otsiriza apite kwa achinyamata. Kuno kwathu kulibe mabwalo a akavalo, koma juga inafika kale m'matumba mwathu kudzera pa foni: kubetcha pa mpira wa ku Ulaya, ndi kandege kaja kamene ambiri mukukadziwa. Boma linakhazikitsa lamulo latsopano la juga mu 2022, ndipo bungwe la MAGLA ndilo limayang'anira ntchitoyi. Mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Koma lamulo silisintha masamu. Mphika ndi womwe uja, mwini wake amayamba watapa gawo lake, ndipo kusiyana kwake nkwakuti agogo anu ankadikira sabata yathunthu kuti aponyenso, pamene inu mukhoza kuponya kakhumi tiyi asanazizire. Njira imene iwo anaiyenda zaka 30 inu mukhoza kuitha m'nyengo imodzi ya usipa. Ngati m'mudzi mwanu muli doda amene anabetchapo pa mahatchi, pitani mukakhale naye pansi. Musakamufunse za tsiku limene anapata, pakuti limenelo adzakuuzani yekha. Kamufunseni kuti pa zaka zonsezo anabwera nazo zingati kumudzi, ndiponso chimene chinamuleketsa. Akuluakulu anati mau a akulu akoma akagonera.