Nthenga zakuda si umboni woti nkhuku ndi ya Mikolongwe

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, alimi ambiri m'boma la Kasungu amagula atambala pofuna kukweza mtundu wa nkhuku zawo. Ambiri amafuna tambala wa Mikolongwe, yemwe dzina lake lina ndi Black Australorp, chifukwa nkhuku za mtunduwu zimakula kwambiri komanso zimaikira mazira ambiri kuposa zachikuda. Vuto ndi lakuti ena akangoona nthenga zakuda amalipira mtengo wokwera osafunsa.

Mmene mwanapiye amatengera maonekedwe

Mwanapiye amatenga chibadwa cha nthenga mbali ziwiri: kwa tambala ndi kwa thadzi. Zibadwa ziwirizi zikasiyana, champhamvu ndicho chimaonekera. Chinacho sichitha ayi, chimangobisala m'thupi. Gregor Mendel ndiye anafotokoza lamuloli mu 1866 atafufuza pa mbewu ya nsawawa, ndipo limagwiranso ntchito pa nkhuku.

Kuda kwa nkhuku ya Mikolongwe kumaphimba kufiira. Tambala weniweni wa Mikolongwe akakwera thadzi lofiira lachikuda, pafupifupi anapiye onse amakhala akuda, ngakhale kuti theka la magazi awo ndi lachikuda. Atambala ena otere akakula amatuluka nthenga zofiira m'khosi ndi m'mapiko.

Zobisika zimatulukira pa mbadwo wachiwiri. Mukakweretsa nkhuku ziwiri zosakanizikazi, mwanapiye mmodzi mwa anayi aliwonse amatha kubwerera ku maonekedwe a agogo ake. Pa anapiye 12, pafupifupi 3 sakhala akuda. Musaimbe mlandu tambala wa aneba: kufiirako kunali kale mwa makolo onse awiri.

Zoyenera kuchita

1. Musanagule tambala, funsani komwe anachokera ndipo muone makolo ake ngati n'kotheka.
2. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu komwe mungapeze nkhuku za Mikolongwe zenizeni.
3. Yesani tambala wanu pa mathadzi ofiira mutawatsekera paokha. Ngati pafupifupi theka la anapiye atuluka osada, tambalayo ndi wosakanizika.
4. Alimi otsogolera azilemba m'kope tambala, thadzi ndi maonekedwe a anapiye.

Nkhuku yosakanizika si yoipa, ndipo imatha kuchita bwino pakhomo, koma muziigula pa mtengo woyenera. Posankha nkhuku za mbewu, yang'anani kakulidwe, kuchuluka kwa mazira ndi thanzi, chifukwa nthenga sizionjezera dzira ngakhale limodzi.