Za Mabotolo Akale Othiramo Mowa ndi Thobwa

Mwezi uno ndifuna kucheza nanu za chinthu chimene chili m'nyumba iliyonse, koma sitichiganizira konse, ndicho botolo lakale. Pa maulendo anga a m'midzi, kuyambira ku Nambuma kufikira ku Madisi, ndi kukwera zitunda kunka ku Ntchisi, sindidalowe m'nyumba yopanda botolo. Lina lili ndi mafuta ophikira, lina parafini, lina thobwa la mwana wa sukulu, lina mowa wa bambo. Kusunga botolo ndi nzeru ndithu, pakuti ndalama zivuta, ndipo chinthu chabwino sachitaya kudzala. Koma botolo lomwelo likhoza kudzetsa maliro pa mudzi, ngati mwini wake salidziwa bwino.

Makolo athu ankafulula mowa m'mbiya ndi m'mitsuko, namwera m'zipanda. Mtsuko uli ndi kamwa lalikulu: mayi alowetsa dzanja, nakwecha m'kati monse, naona ndi maso ake kuti mwayera. Botolo siliri choncho ai. Khosi lake ndi lopapatiza, dzanja silingalowe, ndipo nsenga za mowa zikauma pansi pake zimamatirira ngati dothi la pa khasu. Kunja lioneka longa madzi, m'kati muli zina. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chiyambi cha zitsekero

Mabotolo amene afika m'midzi mwathu ali a mitundu itatu. Mtundu woyamba ndi wa chitsekero cha waya. Chitsekerocho ndi kamutu koyera kolimba ngati mbale ya dothi, kokhala ndi kamphete ka mphira, ndipo waya wokhota ndiye akapanikiza pa kamwa la botolo. Munthu wina dzina lake Charles de Quillfeldt adalembetsa luso limeneli ku boma la America m'chaka cha 1875. Mabotolo otere sachuluka kwathu kuno; adza ndi abale ochokera ku Lilongwe kapena ku Joni, ndipo amene ali nalo alikonda, chifukwa litsekeka ndi kutsekuka kambirimbiri popanda kugula china.

Mtundu wachiwiri ndi wa kachitsekero ka chitsulo ka manomano, kamene William Painter wa ku Baltimore adakapanga m'chaka cha 1892. Umenewu ndiwo tiudziwa tonse, makamaka chiyambire 1968, pamene kampani ya Carlsberg idatsegula fakitale yake ya mowa ku Blantyre. Kachitsekero aka kakatsekulidwa kamodzi, ntchito yake yatha. Chifukwa chake ife titseka ndi chitsononkho kapena kapepala kopota. Mtundu wachitatu ndi wa pulasitiki, umene amayi agulitsiramo thobwa pa msika wa Mponela ndi m'mbali mwa msewu.

Onsewa malamulo ake ndi atatu: lifunseni, litsukeni, musalitseke msanga.

Loyamba: lifunseni botolo

Musanathire chakumwa m'botolo, yambani mwadziwa chimene chidakhalamo kale. Dziko lathu lino ndi la fodya ndi chimanga, ndipo mankhwala ophera tizilombo ali pa khomo lililonse. Adachuluka koposa chiyambire nyengo ya mbozi zija za ntchemberezandonda, zimene zidaononga minda kotero kuti mu Disembala 2017 boma lidalengeza za ngozi m'maboma 20. Anthu ambiri sagula botolo lathunthu la mankhwala: agawana ndi anzao, wina nathira gawo lake m'botolo la zakumwa lopanda chizindikiro. Mankhwala akatha, botolo lija ligona kuseri kwa nkhokwe, ndipo tsiku lina mwana alitola, napita nalo kwa amai ake.

Mverani bwino apa. Botolo limene mudakhala mankhwala a m'munda, a anankafumbwe kapena osambitsira ng'ombe silikhalanso la chakumwa mpaka muyaya. Sopo salichiritsa, phulusa silithandiza. Pulasitiki imamwa mankhwalawo, ndipo mphira wa chitsekero achita chimodzimodzi. Alangizi a zaulimi aphunzitsa kuti chotengera chotere tichitsukuluze katatu, madziwo tithire m'mpope wopopera, kenaka tichiboole kuti wina asachitolenso. Botolo la parafini ndi la petulo nalonso likhale la ntchito yake yomweyo.

Tsono botolo lotola pa njira, kapena logula kwa mwana amene sadziwa kumene lidachokera, musalikhulupirire. Safunsa adadya phula. Ndipo wina akamwa chakumwa nayamba kusanza, kutuluka thukuta ndi dovu lambiri, kupuma mobanika, musataye nthawi ndi kummwetsa mkaka kapena kumsanzitsa. Thamangani naye ku chipatala, ndipo botololo mulitenge, kuti adokotala aone chimene wamwa.

Lachiwiri: litsukeni

Chifukwa ninji mowa wabwino usasa msanga m'botolo lina, pamene m'linzake ukhala bwino? Louis Pasteur wa ku France adafufuza zimenezi, nalemba buku la za mowa m'chaka cha 1876. Iye adaonetsa kuti mowa uwira chifukwa cha tamoyo tating'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa yisiti, ndi kuti pali tizilombo tina, tosaonekanso, timene tiusasitsa ndi kuununkhitsa. M'chaka cha 1883 Emil Christian Hansen, wogwira ntchito kwa Carlsberg ku Copenhagen, adakhoza kupatula yisiti yabwino payokha. Nsenga zouma za pansi pa botolo ndiwo mudzi wa tizilombo toipato. Mukathira mowa watsopano pamwamba pake, mwatipatsa chakudya.

Kusasa kwa mowa ndi kanthu kakang'ono. Choopsa ndi matenda. Tonse tikumbukira kolera imene idayamba mu Malichi 2022 nifalikira dziko lonse kufikira 2023. Idagwira anthu oposa 50,000, nipha oposa 1,700. Kolera iyenda ndi madzi oipa ndi manja osasamba. Botolo la thobwa limene mlendo wamwera, mayi nalitsukuluza m'chidebe cha madzi omwe aja atsukira mabotolo makumi awiri, likhoza kunyamula nthenda kuchokera pa kamwa lina kunka pa linzake. Thobwa amwa ndi ana omwe, ndipo mulibe ukali wopha tizilombo.

Katsukidwe kake ndi aka. Botolo likangotha, litsukuluzeni pomwepo nsenga zisanaume. Ntchito ya kamphindi lero ndi ya tsiku lathunthu mawa. Likakhala louma kale, liviikeni usiku wonse m'madzi ofunda a sopo, kapena m'madzi a phulusa osefa, monga muchitira pokonza chidulo. M'mawa thiranimo maso a chimanga pang'ono kapena timiyala tosalala ta ku mtsinje, ndi madzi theka, ndipo khutchumulani kolimba kufikira zonse zitamasuka. Pa khosi pisanipo kamtengo kokulunga kansalu koyera. Tsukuluzani katatu ndi madzi abwino, pakuti sopo wotsalira aononga kukoma ndi thovu lomwe.

Mukatero, likwezeni ku dzuwa, nimuyang'ane m'kati. Mukaona kadontho kakuda ka nkhungu kamene kakana kuchoka, kapena mng'alu, kapena kamwa lobenthuka, botolo limenelo latha ntchito.

La chitsekero cha waya lili ndi malo ake obisika. Vulani kamphete ka mphira kaja, pakuti kunsi kwake ndiko kubisala litsiro lakuda. Katsukeni pakokha, ndipo kapindeni ndi zala: kakaonetsa ming'alu kapena kakauma gwa, sikagwiranso mpweya, kafunika kena. Wayayo muumitse bwino angachite dzimbiri.

Chotsiriza ndi moto. Yalani kansalu pansi pa mphika waukulu, goneketsani mabotolo a galasi ndi zitsekero zake m'madzi ozizira, ndipo muwateleke pamodzi. Madzi akawira, dikirani mphindi 10. Musaponye botolo lozizira m'madzi owira kale, kapena lotentha m'madzi ozizira, pakuti galasi lisweka. Atazirala, avundikireni chozondoka pa thandala, aliyense pa kamtengo kake koyera, kuti akhe okha. Musapukute m'kati ndi nsalu.

A pulasitiki sawiritsa, chifukwa akwinyika. Amenewa atsukeni ndi sopo, nimuwatsukuluze ndi madzi owiritsa ozirala kapena othira klorini. Likakandika m'kati kapena kuchita mbuu, litayeni, pakuti m'mikanda imeneyo litsiro silichoka.

Lachitatu: musalitseke msanga

Apa ndikuuzeni cholakwa changa. Chaka china, mwezi wa Okutobala, tidafulula mowa wa dima kuti anzathu atithandize kuunga mizere. Mowa utatsala, ine ndidautsira m'mabotolo anai a waya amene mlamu wanga adatipatsa, ndi kutseka ndithu, ndili kunena kuti tidzamwa Lamulungu. Mai a kunyumba adandiletsa, nati, "Bambo, mowawu ukadali wamoyo." Ine sindidamve. Pakati pa usiku tidadzidzimuka ndi phokoso longa la mfuti. Botolo limodzi, limene lidali ndi kamng'alu kosaoneka bwino, lidaphulika, ndipo chibenthu chake chidatema mwana wathu pa msongolo ali gone pa mphasa. Chipsera ali nacho kufikira lero. Chikadalunjika pa diso, bwenzi ndikulemba zina.

Chifukwa chake ndi ichi. Yisiti ikamadya zotsekemera za m'chimera, itulutsa zinthu ziwiri: ukali wa mowa, ndi mpweya umene tiuona ngati thovu. Mu mtsuko mpweyawo uthawa wokha. M'botolo lotseka usowa potulukira, nukanikiza galasi, ndipo kukatentha ukula msanga. Ofulula ena a ku Ulaya adikira mowa wao uleke kuwira, nathiramo shuga woyesa pang'ono, ndipo pamenepo ndiye atseka m'mabotolo ochindikala. Koma masese athu tiwamwa akali kuwira. Nchifukwa chake mapaketi a Chibuku adawasiyira kabowo pamwamba.

Tsono masese mukawathira m'botolo, siyani mpata wa zala zinai ku khosi, ndipo chitsekero chingokhala pamwamba osachipanikiza ndi waya. Mukatseka chifukwa cha ulendo, tsekulani pang'ono kawirikawiri kuti lipume, kamwa lake litaloza kutali ndi nkhope. Liikeni pa mthunzi, kutali ndi pogona ana. Thobwa nalonso likagona masiku awiri kapena atatu liyamba kuwira. Mukaona botolo la pulasitiki latupa ndi kulimba, dziwani kuti salinso chakumwa cha ana.

Mau otsiriza

Inu amai amene mugulitsa thobwa kuti mupeze ya sopo ndi ya sukulu, ogula anu sadziwa kumene botolo lidachokera, akhulupirira inu. Nkhuni zowiritsira madzi ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi moyo wa mwana wa mnzanu. Ndipo inu abambo, kumbukirani kuti botolo loyera silichepetsa ukali wa mowa. Muyeso ukhalabe ndi inu eni.

Amene mudziwa kuwerenga, awerengereni anzanu mau awa madzulo pa bwalo. Mawa lomwe sonkhanitsani mabotolo onse a pa khomo panu, nimuwapatule: a chakumwa pa okha, a parafini pa okha, ndipo a mankhwala ndi onse osadziwika chiyambi chao achoke pa khomo, aikidwe kumene mwana sangawatole.

Tsalani bwino nonse. Ndine mnzanu wa ku Dowa.